Mmene Mungafufuzire Nambala Yaikulu Mpaka Kudziwa Zamkati Mwake: Tiyese ndi 762,552

Lembani nambala iyi pamwamba pa pepala loyera: 762,552. Si nambala yotchuka, ndipo ndaisankha dala chifukwa cha zimenezo. Mukangoiyang'ana palibe chimene ikukuuzani, koma tikamafika kumapeto mukhala mutadziwa manambala amene anaipanga, kuchuluka kwa manambala amene amalowamo popanda chotsala, gulu limene akatswiri a masamu angaiikemo, ndiponso magulu amene singalowemo ngakhale pang'ono. Njira yake ndi yomweyi pa nambala ina iliyonse imene mungakumane nayo.

Mufunika pepala, pensulo ndi kakyuleta wamba. Kakyuletayo akhale wotsimikizira chabe, kuganiza kukhale kwanu.

Ndisanayambe, ndinene chimene ndikufuna mugwire kuposa zonse. Anthu ambiri akapatsidwa nambala yaikulu amathamangira mafunso okoma: kodi ndi sikweya (nambala yopezeka pochulukitsa nambala ina ndi iyo yomwe, monga 9 = 3 × 3), kodi ili m'gulu lakuti? Kumeneko n'kuyambira kumapeto. Ntchito yeniyeni yagona pa kuiphwanya nambalayo mpaka mutsale ndi manambala osaphwanyikanso. Mukatero, mafunso ena onsewo amayankhika pa mizere iwiri kapena itatu.

Manambala osaphwanyikawa m'mabuku a masamu amatchedwa ma prime, ndipo ifenso tiwatcha choncho. Prime ndi nambala yoposa 1 imene mulibe nambala ina yolowamo popanda chotsala kupatula 1 ndi iyo yomwe: 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23, n'kumapitirira. Nambala iliyonse yoposa 1 ndi prime, apo ayi imapangidwa pochulukitsa ma prime, ndipo kapangidwe kake n'kamodzi kokha. Maziko a mfundoyi ali kale m'buku la Euclid lotchedwa Elements, la cha m'ma 300 B.C., ndipo Carl Friedrich Gauss anaifotokoza ndi umboni wathunthu mu 1801. N'chifukwa chakenso 1 sawerengedwa ngati prime: tikanamulola, 6 akanakhala 2 × 3, komanso 1 × 2 × 3, komanso 1 × 1 × 2 × 3, kapangidwe kamodzi kaja n'kutayika.

Gawo loyamba: yambirani kumchira

Dijiti yomaliza ya nambala yathu ndi 2, ndiye kuti 2 amalowamo. 5 ndi 10 salowamo, poti amafuna nambala yothera ndi 0 kapena 5. Madijiti awiri omaliza ndi 52, amene ndi 4 × 13, choncho 4 amalowamo. Atatu omaliza ndi 552, amene ndi 8 × 69, choncho 8 nayenso amalowamo.

Musangoloweza lamuloli, onani chifukwa chake. Nambala yathu ndi 762,000 kuphatikiza 552. Popeza 1,000 ndi 8 × 125, gawo la 762,000 lija 8 amalowamo kale, zivute zitani. Chotsala kufufuza ndi 552 yekha. Kwa 16 mumayang'ana madijiti anayi omaliza: 2,552. Apa 16 amalowa ka 159, n'kutsala 8. Ndiye ma 2 athera pa atatu. Gawani:

762,552 ÷ 8 = 95,319

Lembani pambali: 2 × 2 × 2. Kuyambira pano musavutikenso ndi nambala yaikulu ija. Gwirani ntchito ndi 95,319.

Gawo lachiwiri: phatikizani madijiti

9 + 5 + 3 + 1 + 9 = 27. Popeza 9 amalowa mu 27, amalowanso mu 95,319. Chifukwa chake n'chakuti 10, 100, 1,000 ndi anzawo onse mukawagawa ndi 9 amasiya 1, motero dijiti iliyonse imangobweretsa mtengo wake wokha pa chotsala.

95,319 ÷ 9 = 10,591

Pano pali msampha umene wagwira anthu ambiri. Poona kuti madijiti apereka 27, ena amaganiza kuti 27 nayenso amalowamo. Lamulo la kuphatikiza madijiti limagwira pa 3 ndi 9 basi. Yesani yankho latsopanoli: 1 + 0 + 5 + 9 + 1 = 16, ndipo 3 salowa mu 16. Ma 3 athera pa awiri. Lembani 3 × 3.

Gawo lachitatu: 7, 11 ndi 13 nthawi imodzi

Njira iyi ndimaikonda kwambiri, ndipo si ambiri amene amaidziwa. 7 × 11 × 13 = 1,001, nambala yoyandikana kwambiri ndi 1,000. Dulani nambala yanu m'magulu a madijiti atatuatatu kuchokera kumanja, monga mmene makoma aigawira kale, n'kuchotsa gulu lina pa linzake. Pa 762,552 tichita 762 − 552 = 210. Chimene 7, 11 kapena 13 angachite ndi 210, n'chomwecho achite ndi nambala yonse. 7 amalowa ka 30 mu 210. 11 salowa, 13 salowa.

Ngati mukukayika, onani izi: 762 × 1,001 = 762,762, ndipo nambala yathu ndi 762,762 − 210. Gawo loyambalo onse atatu amalowamo, ndiye nkhani yonse ili pa 210. Nambala ikakhala ndi magulu oposa awiri, muzisinthasintha: chotsani, phatikizani, chotsani, mpaka magulu athe.

10,591 ÷ 7 = 1,513

Musachoke pa 7 musanafunse ngati angalowenso kachiwiri. Ichi n'chizolowezi chofunika pa prime aliyense amene mwamupeza. 513 − 1 = 512, ndipo 512 ndi ma 2 okhaokha asanu ndi anayi ochulukitsidwa. Ndiye 7 wathera pomwepa.

Gawo lachinayi: chotsala chooneka ngati chosaphwanyika

Tatsala ndi 1,513. Apa ndi pamene anthu amagwa ulesi. Malamulo achidule atha, 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13 onse akana, ndipo mtima umanena kuti ameneyu ndi prime basi, tiyeni tipitirire. Musamvere mtimawo. Maonekedwe a nambala sanena kanthu pa nkhani imeneyi. Ngakhale 91 amapusitsa anthu, chonsecho ndi 7 × 13. Pierre de Fermat, mmodzi mwa akatswiri aakulu a m'zaka za m'ma 1600, ankakhulupirira kuti 4,294,967,297 ndi prime, mpaka Leonhard Euler anasonyeza mu 1732 kuti ndi 641 × 6,700,417. Ngati munthu wotere anakodwa, ife tiyenera kuyesa mmodzimmodzi.

Funso ndi lakuti: tiyesa mpaka pati? Yankho lake limapulumutsa ntchito yambiri. Manambala olowa mu nambala ina amayenda awiriawiri, wamng'ono ndi wamkulu, ndipo wamng'onoyo sangapose sikweya ruti ya nambalayo, ndiye kuti nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka nambalayo. Zikanakhala kuti onse awiri aposa, kuwachulukitsa kukanapereka nambala yoposa imene tili nayo. Tsono 38 × 38 = 1,444 ndipo 39 × 39 = 1,521, ndiye malire athu ndi 38. Ma prime amene atsala osayesedwa ndi asanu ndi mmodzi okha: 17, 19, 23, 29, 31 ndi 37. Woyamba yemweyo akutsegula chitseko:

1,513 ÷ 17 = 89

Nanga 89? Ma prime onse ochepera 17 tinawayesa kale ndipo anakana, 17 salowa mu 89, ndipo 89 sakufika n'komwe pa 17 × 17, amene ndi 289. Alibe pothawira, ndi prime. Tsopano lembani mzere wofunika kuposa mizere yonse ya pepala lanu:

762,552 = 2³ × 3² × 7 × 17 × 89

Timanambala tapamwambato tikunena kuti prime ameneyo wabwerezedwa kangati. Pamene palibe kanambala, dziwani kuti ndi kamodzi.

Bwererani m'mbuyo musanapite patsogolo. 8 × 9 = 72, 72 × 7 = 504, 17 × 89 = 1,513, ndipo 504 × 1,513 = 762,552. Zagwirizana. Musadumphe kutsimikiza kumeneku, chifukwa zonse zotsatira zikhala pamwamba pa mzere umenewu; ukapotoka, zonse zipotoka.

Bwanji ngati palibe prime amene walowa?

Mukayesa ma prime onse mpaka pa sikweya ruti ndipo onse akana, nambala yanu ndi prime, ndipo umboni wake ndi ntchito yomwe mwagwirayo. Pietro Cataldi wa ku Bologna anachita zimenezi mu 1588 pa 524,287: sikweya ruti yake ndi 724 ndi kachidutswa, ndipo ma prime osapitirira pamenepo alipo 128. Kugawa ka 128 ndi dzanja, osalakwitsa. Mndandanda wa ma prime oyesera mungaupange nokha ndi njira ya Eratosthenes, amene ankayang'anira laibulale ya ku Alexandria: lembani manambala onse motsatana kuyambira pa 2, siyani 2 n'kufufuta onse amene 2 amalowamo, siyani 3 n'kuchita chimodzimodzi, kenako 5, kenako 7. Otsala osafufutidwa ndiwo ma prime.

Nambala ikafika madijiti makumi angapo, kuyesa mmodzimmodzi sikuthandizanso. Makompyuta amayamba ndi mayeso ochokera pa mfundo imene Fermat analemba mu 1640: ngati p ndi prime woposa 2, mukachulukitsa ma 2 okwana p − 1 n'kugawa ndi p, chotsala ndi 1. Nambala imene yalephera mayesowa si prime, pamenepo palibe kukambirana. Koma imene yakhoza si kuti yatsimikizika. 341 amakhoza bwinobwino pamene ndi 11 × 31, ndipo 561, amene ndi 3 × 11 × 17, amakhoza ngakhale mutasintha 2 uja n'kuikapo nambala ina iliyonse yosagawana naye prime. Choncho pulogalamu ikakuuzani kuti nambala “mwina ndi prime”, mawu akuti “mwina” amenewo muwatenge mmene alili. Manambala ena a kapangidwe kapadera ali ndi mayeso awoawo otsimikiza, ndipo ndi mmene mu Okutobala 2024 Luke Durant, kudzera m'gulu la GIMPS, lofufuza ma prime aakulu ndi makompyuta, anapezera prime wa madijiti 41,024,320: ma 2 okwana 136,279,841 ochulukitsidwa, n'kuchotsapo 1.

Gawo lachisanu: werengani manambala olowamo

Tibwerere ku nambala yathu. Ndi manambala angati amene amalowa mu 762,552 popanda chotsala? Simufunika kuwalemba onse. Onjezani 1 pa kanambala kapamwamba kalikonse, n'kuchulukitsa:

4 × 3 × 2 × 2 × 2 = 96

Ganizo lake ndi ili. Nambala iliyonse yolowamo mumaipanga posankha kuchokera m'ma prime omwewa. Pa ma 2 mungasankhe kusatenga, kutenga mmodzi, awiri kapena atatu: njira zinayi. Pa ma 3 njira zitatu. Pa 7, 17 ndi 89 mungatenge kapena kusiya. Mukasiya onse mwapeza 1, mukatenga onse mwapeza nambala yomweyo, ndipo awiriwa ali m'gulu la 96 lija.

Popeza amayenda awiriawiri, pali magulu 48. Ngati mukufuna awiri oyandikana kwambiri, fufuzani pafupi ndi sikweya ruti, imene ili pakati pa 873 ndi 874. Gawani ma prime aja mbali ziwiri zolemera mofanana mmene mungathere: 9 × 89 = 801 mbali ino, 8 × 7 × 17 = 952 mbali inayo. Zinthu 762,552 mungazindandalike m'mizere 801 ya zinthu 952 uliwonse, ndipo palibe kandandalikidwe kena koyandikira sikweya kuposa kameneka.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: yoperewera, yokwanira kapena yosefukira?

Kagawidwe aka n'kakale kwambiri. Nicomachus wa ku Gerasa anakalemba cha m'ma 100 A.D. Mumaphatikiza manambala onse olowamo kupatula nambala yeniyeniyo. Akapereka zochepera nambalayo, ndi yoperewera, imene mabuku amati deficient. Akapereka ndendende nambalayo, ndi yokwanira, perfect. Akapitirira, ndi yosefukira, abundant.

Kuphatikiza manambala 96 ndi dzanja n'kotopetsa, ndipo n'kosafunika. Pa prime aliyense phatikizani masitepe ake kuyambira pa 1:

1 + 2 + 4 + 8 = 15
1 + 3 + 9 = 13
1 + 7 = 8
1 + 17 = 18
1 + 89 = 90

Kenako chulukitsani mayankhowo: 15 × 13 × 8 × 18 × 90 = 2,527,200. Ameneyu ndi onse 96 pamodzi. Chotsanipo nambala yeniyeniyo: 2,527,200 − 762,552 = 1,764,648. Zaposa nambala yathu kuwirikiza kawiri ndi kwinaku. Ndi yosefukira, ndipo yasefukira kwambiri.

Panali njira yachidule yodziwira gulu lake, ndipo ndi yokongola. Nambala yathu 6 amalowamo, ndipo 6 ndi wokwanira: 1 + 2 + 3 = 6. Tengani theka la nambala yathu, gawo limodzi mwa atatu, ndi gawo limodzi mwa asanu ndi limodzi: 381,276 + 254,184 + 127,092 = 762,552. Atatu okha akwanitsa kale nambala yonse, pamene ena 92 sanawerengedwe. Ndiye nambala iliyonse yoposa 6 imene 6 amalowamo ndi yosefukira, simufunikanso kuwerengetsa. Zimenezi zatipatsanso dzina lina: nambala imene ena mwa olowamo ake amaikwanitsa ndendende imatchedwa semiperfect. Manambala osefukira ambiri ali otere, koma si onse. Yesani 70: olowamo ake ndi 1, 2, 5, 7, 10, 14 ndi 35, onse pamodzi 74, koma sankhani mmene mungasankhire, simupeza 70. Ndiye woyamba mwa manambala amene amatchedwa weird.

Okwanira ndi osowa zedi: 6, 28, 496, 8,128, kenako mpaka 33,550,336. Euclid anasonyeza mmene amapangidwira kuchokera ku ma prime onga 524,287 uja, amene ndi ma 2 ochulukitsidwa n'kuchotsapo 1, ndipo Euler anatsimikiza kuti wokwanira aliyense amene 2 amalowamo amapangidwa mwa njira yomweyo. Wokwanira amene 2 salowamo sanapezekepo, ndipo palibenso amene watsimikiza kuti kulibe. Osefukira amene 2 salowamo alipo, koma amachedwa kuyamba: woyamba ndi 945.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: manambala osagawana nayo kanthu

Kuyambira 1 mpaka 762,552, ndi angati amene alibe prime wofanana ndi nambala yathu? Kuwerengetsa kumeneku kumadziwika ndi dzina la Euler. Prime aliyense amachotsa gawo lake: 2 amachotsa theka, 3 amachotsa gawo limodzi mwa atatu a otsalawo, ndipo enawo chimodzimodzi.

762,552 × 1/2 = 381,276
381,276 × 2/3 = 254,184
254,184 × 6/7 = 217,872
217,872 × 16/17 = 205,056
205,056 × 88/89 = 202,752

Yankho ndi 202,752. Taonani kuti prime aliyense wagwira ntchito kamodzi kokha, ngakhale 2 amene alipo atatu. Kuwerengetsa kumeneku kuli pakatikati pa njira yobisira mauthenga ya RSA, imene Rivest, Shamir ndi Adleman anatulukira mu 1977: wodziwa ma prime a nambala amapeza yankholi mosavuta, pamene wosawadziwa amayenera kuyamba waiphwanya nambala ya madijiti mazanamazana.

Gawo lachisanu ndi chitatu: maonekedwe

Kodi ndi sikweya? Ayi. Sikweya amafuna kuti timanambala tapamwamba tonse tikhale togawika ndi 2, ndipo ife tili ndi 3, 2, 1, 1, 1. Dijiti yomaliza ikunenanso zomwezo, poti sikweya amathera ndi 0, 1, 4, 5, 6 kapena 9 basi. Ngati mukufuna kuisandutsa sikweya, ipatseni zimene ikusowa: 2 × 7 × 17 × 89 = 21,182. Mukachulukitsa 762,552 ndi 21,182 mupeza 127,092 × 127,092. Si kyubu (nambala yonga 8 = 2 × 2 × 2), chifukwa kyubu amafuna timanambala togawika ndi 3. Siilinso m'gulu la manambala opanda prime wobwerezedwa, poti 4 ndi 9 amalowamo.

Manambala a makona atatu ndi amene mumapeza pophatikiza 1 + 2 + 3 n'kumapitirira: 1, 3, 6, 10, 15, 21. Mayeso ake ndi kuchulukitsa nambala ndi 8, kuonjezera 1, n'kuona ngati mwapeza sikweya. 762,552 × 8 + 1 = 6,100,417. Yathera ndi 7, nkhani yatha.

Funso lotsatirali ndi lozama kuposa awa, ndipo likusonyeza bwino mphamvu ya mzere wa ma prime uja. Kodi nambala yathu ingalembedwe ngati masikweya awiri ophatikizidwa, monga mmene 89 alili 25 + 64? Kuyesa ndi dzanja kungafune maulendo mazana. Koma pali lamulo: yang'anani ma prime amene mukawagawa ndi 4 amasiya 3, monga 3, 7, 11, 19 ndi 23. Aliyense wa iwo ayenera kupezeka kawiri, kanayi, n'kumapitirira awiriawiri choncho, kapena osapezeka n'komwe. Kwa ife 3 alipo kawiri, alibe mlandu. 17 ndi 89 amasiya 1, lamulo siliwakhudza. Koma 7 alipo kamodzi, ndipo yekhayo watseka njira. Masikweya awiri n'zosatheka.

Masikweya anayi amakwanira pa nambala iliyonse. Joseph-Louis Lagrange anatsimikiza zimenezi mu 1770. Nanga atatu? Lamulo la Adrien-Marie Legendre likuti gawani nambala ndi 4 mobwereza mpaka 4 akane, kenako gawani yotsalayo ndi 8. Chotsala chikakhala 7, n'zosatheka; chikakhala china chilichonse, n'zotheka. 762,552 ÷ 4 = 190,638, ndipo 4 salowanso. Mukagawa 190,638 ndi 8 chotsala ndi 6. Ndiye masikweya atatuwo alipo, tiyeni tiwapeze.

Gwirani ntchito ndi 190,638. Chotsanipo sikweya wamkulu amene angakwanemo, 436 × 436 = 190,096, mutsala ndi 542, amene ndi 2 × 271. Koma 271 ndi prime wosiya 3 akagawidwa ndi 4, ndiye lamulo lija lakana. Tsikani sitepe imodzi: 435 × 435 = 189,225, mutsala ndi 1,413, amene ndi 9 × 157. Uyu walola, poti 157 ndi 36 + 121, kutanthauza 6² + 11². Chulukitsani 6 ndi 11, aliyense payekha, ndi 3 chifukwa cha 9 uja, mupeza 18 ndi 33. Pomaliza wirikizani kawiri onse atatu kuti mubweze 4 amene tinachotsa:

870² + 66² + 36² = 756,900 + 4,356 + 1,296 = 762,552

Gawo lachisanu ndi chinayi: za nambala ndi za kalembedwe

Zonse zimene tapeza mpaka pano ndi za nambala yeniyeniyo. Muilembe m'njira iliyonse, olowamo ake akhalabe 96. Koma pali magulu ena amene amadalira kalembedwe kathu ka madijiti khumi, ndipo ndi bwino kuwalemba padera kuti musawasokoneze. Nambala yowerengeka chimodzimodzi kuchokera mbali zonse, monga 762,267, ndi imodzi mwa amenewa. Yathu si yotero. Ina ndi imene D. R. Kaprekar, mphunzitsi wa ku India, anaitcha harshad: nambala yogawika ndi kuphatikiza kwa madijiti ake. Madijiti a 762,552 akupereka 27, ndipo tikudziwa kale kuti ma 3 alipo awiri okha, choncho 27 salowamo. Amasiya 18.

Kuti muilembe m'kalembedwe ka kompyuta, ka 0 ndi 1, chotsani nambala yaikulu kwambiri ya ma 2 ochulukitsidwa imene ingakwanemo, n'kumatsika: 524,288, kenako 131,072, 65,536, 32,768, 8,192, 512, 128, 32, 16 ndi 8. Pamene mwachotsa lembani 1, pamene mwadumpha lembani 0. Mupeza 10111010001010111000, madijiti 20. Ma 0 atatu akumapetowo ndi 2³ yemwe uja, akuonekera poyera monga mmene ma 0 a 5,000 amaonetsera kuti 1,000 amalowamo.

Tsopano yesani yoyandikana nayo

Onjezani 1, mupeze 762,553. Musanagawe chilichonse mukudziwa kale kuti 2, 3, 7, 17 ndi 89 salowamo, chifukwa aliyense wa iwo asiya 1. Ganizo lomweli ndi limene Euclid anasonyezera kuti ma prime alibe malekezero. Njira ya 1,001 ikupereka 762 − 553 = 209, amene ndi 11 × 19, choncho 11 amalowamo; 19 musamuwerengere, poti iye sali mu 1,001. 762,553 ÷ 11 = 69,323.

Malire oyesera ndi 263, ndipo mukayenda mmodzimmodzi mupeza ma prime akukana motsatizana kwa nthawi yaitali. Apa ndi poyenera njira ina ya Fermat, yothandiza pamene olowamo awiri sanatalikirane kwambiri. Yambani ndi 264, nambala yoyamba imene sikweya wake waposa 69,323. Chotsani 69,323 pa sikweyayo n'kuona ngati chotsala ndi sikweya. 264² − 69,323 = 373, wathera ndi 3, ayi. Pitani pa 265, 266, 267, mukutaya msanga onse othera ndi 2, 3, 7 kapena 8. Pa ulendo wa 19 mufika pa 282: 79,524 − 69,323 = 10,201, amene ndi 101 × 101. Tsopano chotsani ndi kuphatikiza: 282 − 101 = 181, ndipo 282 + 101 = 383. Onse awiri ndi ma prime, monga mungatsimikizire poyesa mpaka 13 kwa woyamba ndi mpaka 19 kwa wachiwiri. Poyenda mmodzimmodzi, 181 mukanamupeza ali prime wa nambala 42 pa mndandanda.

762,553 = 11 × 181 × 383

Olowamo ake ndi 2 × 2 × 2 = 8 okha. Onse pamodzi ndi 12 × 182 × 384 = 838,656, ndipo mukachotsapo nambala yeniyeniyo mutsala ndi 76,103, osafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a nambalayo. Yoyamba ija inali ndi olowamo 96 ndipo inasefukira kuposa kawiri. Iyi, yosiyana nayo ndi 1 yekha, ili ndi 8 ndipo ndi yoperewera kwambiri.